Fosholo ya pa Bani Yachitatu

Fosholo ija inali ndi mpini wosalala ngati chipande chakale, ndipo chapakati pake panali pokumbika pomwe zala za agogo zinadya mtengo. Inkatsamira khoma la bani yachitatu, imodzi mwa nyumba zazitali zoumitsiramo fodya, pa famu ina kufupi ndi Tengwe m'zaka za Chitaganya. Agogo ankakokolera nayo makala m'ng'anjo mpaka chifuwa chinawatenga. Atangoikidwa m'manda, fosholo inapita kwa amalume, mlongo wawo wa amayi.

Nyengo imene ndikuikumbukayi inali youmitsa fodya, mvula ya Febuluwale ili mkati. Amalume ankasonkha moto wa nkhuni zaziwisi, n'kulowa m'bani yotentha kukaona mtundu wa masamba, kenako n'kutuluka thukuta lili kamukamu, molunjika m'mvula. Utsi unkawanunkha ngakhale Lamulungu kutchalitchi. Akamapuma ankapichira zinyenyeswa za fodya m'kachidutswa ka nyuzipepala, ine n'kumapempha kuti ndiyambe ndawerenga asanayatse. Sukulu yanga inali imeneyo. N'chifukwa chake mpaka lero nkhani za dziko ndimazidziwa theka, theka linalo linapita ndi utsi.

Chaka chimenecho amalume anafuna kukwatira mwana wa kapitao. Mtsikanayo ankawabweretsera mahewu m'botolo, n'kumanamizira kuti wangodutsa, chonsecho njira ya kumjigo sinkadzera kumabani. Bambo wake anali munthu wa ku Tete, wovala chipewa chimene mzungu anataya, wezulo ili pakhosi ngati mendulo. Ndiye ankagawa ntchito pa famu ponse. M'bani sankalowamo. Ankaima pakhomo atatseka mphuno ndi kansalu koyera, n'kumakalipira anthu amene anali mkati.

Ankhoswe anapita Loweruka masana, koma sanawayalire n'komwe mphasa. Anabwera kudzatiuza kuti kapitao anawerenga pa zala: agogo anamwalira akutsokomola, mng'ono wawo wa agogo chimodzimodzi, ndipo mkamwini wofunsirayo chifuwa chake chinkamveka komboni yonse. Mawu amene kapitaoyo anatsekera nkhani, amayi anakhala akuwabwereza zaka zambiri: "Mtundu wanu uli ndi chifuwa m'magazi. Sindingapereke mwana wanga kuti akandibalire zidzukulu zotsokomola."

Lolemba m'mawa amayi anapita pamene anthu ankaitanidwa maina, ine ndili pambuyo pawo. Anagwada m'matope, n'kupempha kuti mlongo wawo amusinthe ntchito, apite kung'ombe kapena kumunda kwa nyengo imodzi yokha, aone ngati chifuwacho chimutsatire. Kapitao anaseka mpaka wezulo inavina pamimba. Anati moto wa fodya unazolowera manja a banja lathu, mzungu amafuna tsamba lachikasu ngati ndimu, ndipo palibe wina angalitulutse. Ndi pakamwa pomwepo, taonani: magazi athu anali oipa pa mwana wake, koma abwino kwambiri pa ng'anjo.

Nditakula ndinawerenga timapepala ta kuchipatala, tathunthu tsopano, topanda mbali yopserera. Timati matenda ambiri sabwera ndi mwendo umodzi: pali chimene munthu amabadwa nacho, pali malo amene amakhala ndi kugwira ntchito, palinso zimene amadzichita yekha. Sindikana, kenakake m'magazi mwathu kanalimo, poti amayi ankabanika ndi mphumu mwezi wa Juni ngakhale sanaimepo pa ng'anjo. Ndudu za amalume nazonso sizinali mankhwala, ndipo ine wophunzira wawo ndinkakondwa akamasuta zambiri. Koma kapitao sankafunikira kapepala kuti adziwe zimenezi. Ankadziwa bwino zimene utsi umachita, n'chifukwa chake ana ake aamuna wina anamuika pa thirakitala, wina kusitolo. Chimene ife tinkalandirana pa mtundu chinali fosholo, ndipo wotipatsira anali iyeyo.

Fodya asanathe kusankhidwa, mtsikana uja anakwatiwa ndi kalaliki wa pa famu yoyandikana nayo. Amalume sanadandaule pamaso pathu. Botolo la mahewu linangotsala pafupi ndi mulu wa nkhuni, nyerere zikulowa ndi kutuluka, ndipo palibe amene analichotsa.

Tsiku lozimitsa moto womaliza, kapitao anandipeza nditagwira fosholo ija, ndikuyesa zala zanga m'malo okumbika aja. Anandisisita kumutu, chinthu chimene anali asanachitepo, n'kuuza amalume kuti, "Wolowa m'malo mwako ndi ameneyu. Taona manjawo, ndi omwe aja." Amalume anayang'ana kumbali.

Ndinathamangira kunyumba chifuwa chili patsogolo, ndikutsokomola dala mwachikulu ngati amalume, kuti komboni yonse idziwe kuti ndine wa banja la pa ng'anjo. Nditawafotokozera amayi, anatenga sopo amene ankasungira zovala za kutchalitchi, anandikhazika pa mwala, n'kuyamba kundikwecha manja, chala chimodzichimodzi, mpaka khungu linawawa. Misozi yawo inkagwera m'beseni. Ine ndinkawapepesa mobwerezabwereza, ndikulonjeza kuti ndikadzayamba ntchitoyo ndizidzasamala phulusa, sindidzadetsanso kabudula.