Makope Asanu ndi Awiri a Azakhali

Azakhali anga, achemwali awo a bambo, anaphunzitsa ana a kalasi yachiwiri kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Kusukulu ankawatchula kuti Achoko, chifukwa chilichonse chimene agwira chinkatsala ndi zala zoyera: chitseko, kapu, ngakhale mutu wa mwana amene wakhoza samu. Anakwatiwapo kamodzi. Ukwatiwo unatha patapita zaka zinayi chifukwa mwana sanabwere, ndipo za mwamunayo sankazikamba. Ndi iwo amene analera bambo makolo awo atamwalira, n'kuwapezera malo kwa mmisiri wina kuti aphunzire kuwotcherera zitsulo. Munthu yekhayo amene ankanena kuti "iwe" kwa bambo anali iwo.

Pamene ankapuma pa ntchito, maso awo anali atayamba kuchita ng'ala. Chaka chomwecho mayi anatichotsa kusukulu, ine ndi mng'ono wanga. Mayi ankagwira ntchito ya ulembi pa ofesi ya maloya, ndipo kutchalitchi anali atalowa m'gulu la amayi ophunzitsa ana awo pakhomo. Anzawo onse a m'gululo sankapita ku ntchito. Mayi ntchito sakanaisiya, koma gulu nalonso sankafuna kulisiya. M'pamene anakumbukira kuti ali ndi mlamu.

"Alamu, mukhaliranji nokha ngati munthu wopanda abale? Bwerani kwathu, chipinda chilipo."

Chipindacho chinali kuseri kwa khitchini, mmene bambo ankasungiramo zitini za penti ndi matayala akale. Matayala anawatulutsa, zitini anangozikankhira kukhoma. Azakhali anafika ndi sutikesi imodzi, kabolodi kolembapo, ndi bokosi la choko.

Sukulu yathu inali pa tebulo lodyera. Mabuku a samu, a sayansi ndi ena onse mayi anagula. Atafika pa phunziro la Baibulo, Azakhali anawaletsa.

"Bukulo tili nalo kale m'nyumba muno. Linanso la chiyani?"

Maphunzirowo ankalemba okha m'makope a chikuto cholimba. Ankakhala pakhomo la kachipinda kawo masana, pamene panali powala, nkhope ili pafupi ndi pepala ngati akulinunkhiza. Zilembo zawo zinali zikuluzikulu ngati za pa chikwangwani. Ankajambulamonso zithunzi, ngakhale luso la kujambula analibe: ngamila zawo zinkaoneka ngati agalu a linunda. Pa zaka zitatu makope aja anakwana asanu ndi awiri.

Nkhani sankadumpha, ngakhale zija zimene akuluakulu amaziwerenga mothamanga. Akamaliza kuwerenga ankatseka buku n'kutifunsa, "Tsono inuyo mukanakhalapo, mukanaima mbali iti?" Tikawafunsa funso lovuta ankakanda m'mutu, tsitsi n'kuyera ndi choko. "Iii, limeneli nanenso landikanika. Tiyeni tilivundikire, mwina mawa lipsa." Nkhani zina ankati akawerenga mawu n'kuyamba kunjenjemera, kenako n'kupukuta maso ndi nsonga ya mpango, n'kupitiriza.

Gulu la mayi linkakumana Loweruka loyamba la mwezi m'holo ya tchalitchi, ndipo ana tinkaimirira kutsogolo n'kumanena mavesi pamtima. Mtsogoleri wake anali mkazi wa dokotala wa mano. Kumbali ankamutchula kuti Amayi a Fayilo, chifukwa ngakhale ku maliro ankapita ndi fayilo m'khwapa. Tsiku lina, atafunsa ngati pali mwana amene ali ndi funso, mng'ono wanga anakweza dzanja. Anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri.

"Munthu wa Mulungu uja anathamangitsira wantchito wake wamkazi ndi mwana kuchipululu, bwanji anangowapatsa thumba limodzi la madzi? Ngamila anali nazo zambirimbiri. Sakanawabwereka imodzi?"

Amayi a Fayilo sanamuyang'ane mwanayo. Anatembenukira kwa mayi, akumwetulira ndi mano awo osalala aja.

"Anawa akutsatira silabasi yanji ya Baibulo?"

Msonkhano utatha, mayi anatikweza m'galimoto. Titangolowa pageti anamugwira khutu mng'ono wanga n'kulipotokola mpaka ndolo inang'amba khungu.

Lachitatu lotsatira mayi anapempha tchuthi ku ntchito. Amayi a Fayilo anabwera ndi anzawo awiri, atanyamula zitsanzo za masilabasi atatu, n'kuziyala pa tebulo lathu lodyera. Yoyamba inali ya kuloweza basi, vesi limodzi pa tsiku, mayeso Lachisanu lililonse. Yachiwiri inali ya mabuku onenepa okhala ndi mapu, yoyenda ndi mbiri kuyambira pachiyambi mpaka kumapeto pa zaka zinayi, ndipo amayi aja anangoiyeza kulemera ndi dzanja n'kuiika pambali. Yachitatu inali ya mitundumitundu, mapepala ake oterera, onunkhira ngati nsapato zatsopano. Inali ndi buku la mphunzitsi, chipepala chachikulu chokhoma pakhoma, ndi timapepala tomata tooneka ngati nyenyezi zagolide, timene mwana amalandira akakhoza.

"Kuti pasakhale kukondera," anatero mayi, "Alamu, kabweretseni anu aja."

Azakhali anakhulupirira. Anapita kukavala diresi lawo la buluu limene ankavala kusukulu kukabwera oyendera, anapukuta makope aja ndi kansalu, n'kuwasanja bwinobwino pakona ya tebulo. Kenako anapita kukhitchini kukawapangira tiyi alendowo.

Pamene ankabwerera ndi thireyi, Amayi a Fayilo anali atatsegula kale kope lachitatu.

"Mayi, mayankho ake ali pati?"

"Ena alibe mayankho. Timangokambirana," anayankha Azakhali.

"Phunziro lopanda yankho. Nanga mwana akhoza bwanji? Ndipo anakuvomerezani ndani maphunziro amenewa?"

"Palibe. Ndaphunzitsa zaka zambiri, ndiye ndimangoona mmene anawa akumvera."

Mmodzi wa anzawo aja anakweza kope m'mwamba kuti onse aone chithunzi. "Galuyu ndi wa mneneri uti?" Anaseka mpaka anagwira m'mimba. Winayo anapeza tsamba limene Azakhali analemba mizere iwiri pamalo amodzi, chifukwa woyambawo sanauone. "Apa ndiye zandikulira. Kapena ndi malilime? Pafunika womasulira." Mayi nawonso anaseka, mochedwa pang'ono, koma mokweza kuposa onse.

Pomaliza Amayi a Fayilo anati ndi bwino kumvanso maganizo a eniake. Mng'ono wanga, amene khutu lake linali lomatidwa ndi pulasitala, anangoyang'ana pansi. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo maso anga anali pa nyenyezi zija chiyambire. Ana onse a m'gulu anali nazo m'zipinda zawo, ife tokha ndi amene tinalibe. Ndinaloza yachitatu. Pamenepo zikanatha. Koma amayi aja anandigwedezera mitu, ndipo zinandikomera kuti anthu akuluakulu akundimvetsera, choncho ndinawonjezera.

"Azakhali amati mafunso ena nawonso sawadziwa. Ndiye nthawi zina amalira tikuphunzira."

Amayi a Fayilo analemba kanthu m'fayilo mwawo. Azakhali anali atagwira ketulo. Anapeza mlomo wa kapu ndi chala, n'kuthira tiyi osataya ngakhale dontho.

"Shuga masipuni angati, mayi?" anafunsa.

Bambo atabwera ku ntchito, Azakhali anawadikirira pakhonde akuvula nsapato zawo zolemera zija.

"Iwe, wamva zimene zachitika m'nyumba mwako lero?"

"Achemwali, za sukuluzi ndinawasiyira amayi ake a anawa. Ine changa ndi zitsulo." Analowa kukasamba.

Mabuku atsopano anafika patapita milungu iwiri. Mayi sanasiye ntchito, kotero wophunzitsa anali Azakhali omwewo. Buku la mphunzitsi linkalemba chilichonse. Mawu ofiira anali oti mphunzitsi anene, akuda anali oti mwana ayankhe, ndipo malo omwetulira nawonso analipo, olembedwa m'timabokosi. Zilembo zake zinali zazing'ono ngati nyerere. Azakhali anagula galasi lokulitsa zilembo, koma ankayenda nalo pa tsamba ngati munthu wofunafuna singano mu udzu.

Mayi sankawakhulupiriranso. Anakajambulitsa masamba a bukulo pa makina a ku ofesi, n'kundipatsa ine pamodzi ndi cholembera chofiira. Ntchito yanga inali kuchonga mzere uliwonse umene Azakhali anena molondola, ndi kuika mtanda pamene adumpha kapena pamene awonjezera zawo. Madzulo mayi ankaona mapepalawo asanavule n'komwe nsapato.

Sindinganame kuti ankandikakamiza. Ntchitoyo ndinkaikonda.

"Azakhali, mwadumpha mzere."

"Pepani, a hedi."

Mlungu woyamba ankatero moseka. Wachiwiri anangoti pepani. Tsiku lina m'mawa anandiitana m'kachipinda kawo, mmene munkanunkha penti, n'kundipempha kuti ndiziwawerengera phunziro la tsikulo kamodzi kokha tisanayambe, kuti aziligwira pamtima. Ndinawauza kuti mayi sanandipatse ntchito imeneyo. Anayamba kupempha mng'ono wanga, ndipo iye ankawanong'oneza ali kukhitchini. Ndinakanena kwa mayi. Mayi anamuchotsera mng'ono wangayo nyenyezi zisanu pa chipepala cha pakhoma, imodziimodzi, iye akuonerera, n'kuwauza Azakhali kuti munthu wamkulu kuphunzitsa mwana chinyengo m'phunziro la Baibulo ndi zochititsa manyazi. Mng'ono wanga sanawathandizenso, ndipo mafunso anasiyiratu. Pofika kumapeto kwa chaka nyenyezi zake zinali zitaposa zanga.

Makope aja Azakhali anawafunsa kawiri. Mayi anati ali penapake, adzawaona akapeza nthawi. Ine ndinkadziwa kumene anali. Bambo ankafuna mapepala otchingira magalasi ndi maloko akamapopera penti pa mafelemu a mawindo, ndipo mayi anawapatsa mulu wonse. Ndinaona ndi maso anga ku shedi kwawo, ngamila ya Azakhali itamatidwa pa galasi, theka lake lili lobiriwira. Ndinasunga nkhaniyo kwa miyezi ingapo, mpaka tsiku limene Azakhali anandidzudzula chifukwa ndinayankha mwamwano.

"Makope anu aja bambo akutchingira mawindo popenta," ndinatero.

"Onse?"

"Latsala limodzi. Aikira kunsi kwa mwendo wa benchi kuti isamagwedezeke."

"Chabwino. Tsegulani tsamba la lero."

Chaka chotsatira kampani imene inapanga mabuku aja inatulutsa maphunziro omwewo pa kanema. Mtsikana wa mano oyera ankanena mawu ofiira aja osadumpha ngakhale amodzi, ndipo samu ndi sayansi nazo zinalipo. Amayi a Fayilo anati mabanja onse ozindikira asamukira kumeneko. Tinkakhala kutsogolo kwa kompyuta kuyambira m'mawa, Azakhali ali pa mpando pambali, manja ali pa maondo, ntchito yawo kungotiuza nthawi yopuma. Patatha miyezi itatu bambo anapeza ntchito yaikulu ya mageti, penti inachuluka, ndipo inasowa poikidwa.

"Alamu, maso anuwa akufuna malo abata," anatero mayi. "Kuno ana akukusokosani."

Malo abatawo anali kachipinda ka kuseri kwa sukulu ya mkaka ya mayi wina wa kutchalitchi. Azakhali ankagona kumeneko, ndipo m'malo mwa lendi ankatsuka makapu a ana ndi kuperekeza timeneti tating'ono kuchimbudzi. Mwini sukuluyo anali atamva mbiri yawo ku gulu, choncho anawauziratu kuti m'kalasi asamalowemo. Bambo anawanyamulira sutikesi pa galimoto ya ku ntchito. Kabolodi kaja kanatsala, chifukwa bambo anali atayamba kulembapo miyezo ya mageti.

Anakhala kumeneko zaka zisanu ndi zinayi. Ine ndinapitako katatu. Ulendo womaliza ndinali nditamaliza maphunziro a ku koleji. Ndinawapeza pa sinki, akutsuka timakapu ta pulasitiki n'kumatisanja mongopapasa, chifukwa maso anali atayereratu. Anandizindikira ndi mawu. Anafunsa za mng'ono wanga, ngati amadya bwino, ngati anatalika. Za ine sanafunse.

"Azakhali," ndinatero, "zija zinachitika kale zija…"

"Ziti? Zinachitika kale ndi zambiri."

Ndinayesa kuyamba, koma anandigwira paphewa ndi dzanja lonyowa n'kundikankhira pambali pang'ono. "Tasuntha, mwana wanga, waima pamene ndimaika oyera."

Anamwalira miyezi isanu pambuyo pake, Lachiwiri m'mawa. Amene anawapeza ndi mwini sukulu, ataona kuti makapu a dzulo sanatsukidwe. Pa maliro mayi anayankhula m'malo mwa banja, nati tinawasunga pakhomo pathu ngati kholo, ndipo ana athu anaphunzira mawu a Mulungu pa miyendo pawo. Amayi a Fayilo anali pa mzere wachiwiri, akugwedeza mutu. Bambo anawotcherera okha mtanda wachitsulo, wokongola ndithu, wa maluwa opindapinda m'mbali. Chaka chobadwa anachiphonya ndi zaka zitatu. Ndinaona zimenezi pamene ankauzika mtandawo, ndipo mng'ono wanga nayenso anaona, koma penti inali itauma kale ndipo anthu anali atayamba kubwerera ku magalimoto.