Masamba a Gwafa

Ndikukumbukira kuwawa kwa masamba a gwafa kuposa nkhope za anzanga akusukulu. Tinali mu Giredi 5, kufupi ndi Mpanshya, ine ndi mnzanga Lufeyo. Fodya tinkaba padenga pamene amalume ankamuyanika, n'kumukulunga m'makoko a chimanga, n'kukasutira kuseri kwa chulu. Utsi unkaluma pakhosi ngati tsabola, misozi ili mbwee, koma aliyense ankanamizira kuti akumva kukoma.

Aphunzitsi athu, a Mwanza, anali ndi njira yawo yogwirira osuta. Ankatindandalitsa padzuwa, aliyense n'kuwauzira mpweya kumphuno. Wonunkha fodya ankakumba dzenje la zinyalala sabata yathunthu. Ine ndiye ndinatulukira mankhwala ake: kutafuna masamba anthete a gwafa mpaka lilime kuuma. Tsiku lina Lufeyo anaiwala, ndipo anakumba. Ine aphunzitsiwo anandinunkhiza kawiri, nati mwana uyu amangokonda zipatso. Sindinakumbe dzenje mpaka ndinasiya sukulu.

Chaka chatha ndinayamba kutsika panjinga pazitunda zimene kale ndinkakwera nditanyamula thumba la chimanga. Chifuwa cha m'mawa sichinkatha. Ndinkati ndi ukalamba basi. Mkazi wanga anandikakamiza kupita kukiliniki ku Rufunsa. Podziwa zimene achipatala amafunsa, ndinathyola masamba a gwafa panjira.

Nesi wake anali wamng'ono, msinkhu wa mdzukulu wanga. Atandifunsa ngati ndimasuta, ndinakana. Sanandinunkhize n'komwe. Anangoyang'ana zala zanga zachikasu, nandipatsa kachitoliro kolumikizidwa kukamakina.

"Agogo, kokani mpweya wambiri, muuzire umu mwamphamvu mpaka uthe."

Ndinauzira katatu. Kachitatuko ndinatsokomola mpaka tsamba la gwafa linagwera patebulo pake. Mkazi wanga anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka. Nesi sanaseke. Anati mapapo anga akhala akuwonongeka mwakachetechete kwa zaka zambiri. Powonongekapo sipabwerera, koma ndikasiya fodya, potsalapo pandisunga.

Kale osuta ankagwidwa ndi mphuno ya mphunzitsi, ndipo mphuno imapusitsika. Lero andigwira ndi kamakina kopanda mphuno. Fodya ndinasiya, ndipo chilakolako chikandigwira ndimatafuna gwafa yemweyo.

Lufeyo analeka kusuta sabata imene anakumba dzenje lija. Mpaka lero amakwera chitunda osatsika panjinga. Akandipitirira ndikukankha yanga, amangoliza belu.