Ndalama Zimene Gordon Sanatumize

Fyness Mhango amasoka zovala pakhonde la golosale ina pafupi ndi msika wa Mzimba Boma. Timachita lendi nyumba zoyandikana, ndipo mayunifolomu a ana anga onse anasoka ndi iyeyo. Salankhulalankhula, koma mukamutchulira mtengo wachibwana amangokuyang'anani mpaka muwonjezera nokha.

Anakwatiwa ku Champhira, kwa a Tembo, ndipo ng'ombe zinayi za lobola zinapita kwawo. Mwamuna wake Gordon anapita ku Joni monga amachitira amuna ambiri a kuno. Zaka ziwiri zoyambirira ankatumiza ndalama ndi mabulangete, ngakhale foni imene Fyness ali nayo lero inachokera kwa iye. Chaka chachitatu nambala yake inasiya kupezeka, basi zii. Fyness ananyamula ana awiri ndi makina osokera n'kubwera pa Boma. Apongozi ake, NyaShaba, analola monyinyirika.

Pofunafuna mwamunayo, analowa m'magulu a pafoni a anthu a ku Mzimba okhala ku Joni, n'kumaponyamo chithunzi chake. Gordon sanapezeke, koma Fyness anadziwika. Amuna a kumeneko anayamba kumutuma: wina akaone ngati nyumba yake aifoleradi malata, wina akaone ngati mwana akupitadi kusukulu. Iye ankapita, n'kunena zimene waona, osawonjezera mchere.

M'magulu momwemo ndi mmene anamva za kampani ina ya ku Ulaya yogulitsa mayunitsi a foni pa intaneti. Munthu ali kunja amalipira komweko, mayunitsi n'kufikira abale ake kumudzi. Kampaniyo imapatsa aliyense wofuna linki yakeyake, ndipo wina akagula podzera pa linki yakoyo umalandirako kangachepe, kamene amati komishoni. Sapereka tsiku ndi tsiku ayi, amadikira zikwane madola makumi asanu. Ndisaname, ine ndinamuseka. Ndinati azungu amenewo angomudyera nthawi.

Patatha miyezi isanu kunabwera uthenga wokhala ndi nambala yachinsinsi. Fyness anatenga chiphaso chake cha unzika n'kukaima pamzere pa ofesi yolandirirapo ndalama zochokera kunja. Wamanyazi ndinali ine.

Mzere umenewu ndi umene unamubweretsera mlandu. Kuno aliyense amadziwa kuti mayi woima pamenepo ali ndi mwamuna ku Joni amene wamukumbuka. Ishmael, mng'ono wa Gordon, anabwera pa Boma kudzagula feteleza, ndipo anamuona mlamu wakeyo pamzerepo. Mwezi wotsatira anamuonanso. Sanamupatse moni n'komwe, anangokwera minibasi n'kukatula nkhani kumudzi.

Uthenga unafika wakuti Fyness apite ku Champhira Loweruka, atenge ana ndi zovala zawo. Mawu akuti zovala ndi amene anamuopsa. Kwathu ku Dedza mwana ndi wa kuchikazi, koma kuno ng'ombe zikapita ana ndi a kuchimuna, ndipo akafuna kuwatenga amawatenga. Zinandipsetsa mtima. Mayi wavutika yekha zaka zinayi, wina osaperekako ngakhale sopo, lero akuti zovala! Ndinamuuza kuti tipitira limodzi.

Tinakapeza anthu atakhala kale pakhonde. Fyness anagwada chapatali, ana kumbuyo kwake. NyaShaba analinso pomwepo, maso pansi. Woyankhula anali Ishmael.

"Mlamu, ndinakuonani pamzere kawiri, ndi maso angawa. Akulu akutumiza, inu mukudya nokha, amama akugona m'nyumba yodontha. Mbwenu ana atsale kuno, akulu azitumiza komwe kuli ana awo."

Fyness anatulutsa malisiti atatu m'kachikwama. Pamalo a wotumiza panali dzina la kampani, osati la Gordon. Ishmael anawatembenuzatembenuza.

"Mzungu amangogawa ndalama? Mumamulimira munda uti?"

"Yewo, mlamu, funso n'labwino," anatero Fyness. "Tiyeni pachulu paja, pano foni sikugwira."

Khamu lonse linanyamuka kupita pachulu cha kuseri kwa khola, NyaShaba akutsatira pambuyo ndi ndodo. Fyness anaonetsa Ishmael tsamba la kampaniyo, pamene panalembedwa kuti mwezi umenewo agula anthu 63. Kenako anaimbira Louis, wa khomo loyandikana ndi la a Tembo, amene amagwira ntchito ku Joni, n'kumupempha kuti agulire amayi ake mayunitsi pa linki ija. Tinadikira dzuwa likutiwotcha. Foni ya amayi a Louis inalira pamfundo ya chitenje, ndipo patapita kanthawi 63 uja anasanduka 64.

Ishmael anakanda mutu n'kuyamba kuyang'ana ng'ombe. Ine pakamwa panali pakuyabwa kuti ndimuuze ziwiri zitatu, koma ndinali mlendo. Ndinaganiza kuti nkhani yathera pomwepo.

Apa ndi pamene NyaShaba analankhula koyamba.

"Mkamwana, ndiye kuti Gordon sanatumizepo?"

"Ayi, mama. Ngakhale kamodzi."

Ndinazindikira mochedwa kuti mayiyu za ndalama analibe nazo ntchito. Chibwerereni Ishmael ndi nkhani ya pamzere ija, milungu itatu yonse anali akuuza anthu kutchalitchi kuti mwana wawo wapezeka. Anali okonzeka kukhala ndi mpongozi wakuba, bola mwana akhale ndi moyo. Chilungamo cha Fyness ndi chimene chinawalanda zimenezo, ndipo ndinawamvera chisoni kwambiri.

"Anthu ogulawa, onse ali ku Joni?" anafunsanso.

"Ambiri chomene, mama."

"Mayina awo mumawaona?"

"Ayi. Amangondionetsa kuti agula angati."

"Mbwenu mwina mmodzi ndi Gordon."

"Amama, akanagula akulu, mayunitsi bwenzi atafika kuno," anatero Ishmael.

"Agulire mkazi wina, zilibe kanthu," anayankha NyaShaba. "Wakufa sagula."

Ana tinabwerera nawo pa Boma madzulo omwewo, zovala zili m'chikwama osamasula, ndi thumba la mtedza limene agogo awo anawapatsa. M'minibasi ndinamufunsa Fyness ngati mawu aja a mkazi wina sanamupweteke. Anati anamupweteka, koma nayenso amaganiza zomwezo nambala ija ikakwera.

Fyness akusokabe pakhonde lomwe lija, ndipo ndalama zikakwana amakaimabe pamzere uja limodzi ndi akazi a amuna okumbuka kwawo. Denga la apongozi ake anakonzetsa ndi komishoni ya mwezi wa Okutobala, popanda womutuma. Kumapeto kwa mwezi uliwonse NyaShaba amakwera pachulu paja n'kumuimbira. Za ndalama safunsa. Amafunsa za ana, kenako amafunsa kuti mwezi uno agula angati.