Amayi akana kukwera phiri ndi mkamwini

Mwaswera bwanji nonse. Tangolowa kumene m'nyumba kuno kunja ku Maryhill kuchokera kumapiri a ku Aviemore, miyendo ngati si yanga.

Tinanyamuka m'mawa ine, bambo a Tadala, Tadalayo ndi Amayi, kuti nawonso akaone sinowo, chipale chofewa chimene chimagwa kuno, asanabwerere ku Dedza sabata yamawa. Tadala wakhala akuphunzira kutsetsereka paphiri, ndiye amafunitsitsa agogo ake akamuonere.

Malo a anawo ali chapamwamba, ndipo amakukwezani pamipando yolendewera kuchingwe, awiriawiri. Ine osaganiza ndinakhala ndi Tadala, mpando n'kunyamuka. Kucheuka, Amayi atsala ndi mkamwini wawo! Mpando kufika, iwo n'kupatuka, nkhope kumbali. Wachiwiri, chimodzimodzi. Mzere wonse kumangowayang'ana, mwamuna wanga ali kakasi.

Ndinasiya mwana ndi aphunzitsi ake n'kutsika kudzawatenga. Amayi akuti, "Zaka khumi ndi ziwiri sindinadyepo pamaso pake, lero ndikagundane naye mapewa m'malere?" Ndinati chabwino, tiyeni tikwere awirife. Koma mphepo inali itakula, anasiya kukweza anthu.

Tadala watsetsereka osagwa ngakhale kamodzi, wopanda wa kwao womuonera.

Pobwerera, maola atatu mugalimoto, mwana akulira, bambo a Tadala akungopepesa ngati olakwa ndi iwo.

Pano Tadala wandikokera kukhitchini, akundifunsa ngati agogo amadana ndi adadi ake. Ndamuuza kuti ndi ulemu. Akuti ulemu wanji wothawa munthu?

Amalume, azakhali, ndimuyankhe bwanji? Ine mutu waima.