Chingwe Choyamba

Ndinadzuka kusanache, ngati kugona pakapeti kwa maola awiri tingakutche kugona. M'nyumba ya malemu achimwene ku Easterhouse, kuno kudziko la azungu, anthu anali atagona paliponse, ena atatsamira sofa, ena atapinda miyendo pakhomo la bafa, moti ndinachita kuwalumpha kuti ndikafike kukhitchini. Tinali titachezera kuimba, koma motsitsa mawu, chifukwa pansi pathu pamakhala gogo wachizungu wodwala mtima. Ndinatereka ketulo, kenako ndinatsegula chikwama changa kuti ndione ngati makadi asanu ndi atatu aja analimobe.

Ndifotokoze za makadiwo. Kwathu otsitsira bokosi m'manda ndi adzukulu, achibale timangolira chapatali. Kuno bokosi limakhala ndi zingwe zisanu ndi zitatu, ndipo a kampani ya maliro amapereka makadi a manambala kuti banja ligawire anthu odzagwira zingwezo potsitsa. Chingwe choyamba chimakhala kumutu, ndipo amagwira ndi munthu wapafupi kwambiri ndi malemu. Makadiwo anapatsa ine poti ndine ndinkayendetsa mapepala onse. Achimwene anasiya mwana mmodzi yekha, Tiyamike, ndipo Tiyamikeyo anali atamudula mumpingo zaka zisanu ndi zinayi zapitazo.

Achimwene anali m'busa wa mpingo umene anayambitsa okha muholo ina ku Govan. Baibulo ankalitenga liwu ndi liwu. Mkazi asavale thalauza, asaboole makutu, asapemphere wopanda duku, asalankhule pagulu. Mwana akabwera kusukulu ndi nkhani yoti dziko ndi lakalekale kuposa mmene iwo ankawerengera, ankamugwaditsa kuti alape. Poyamba anthu ankadzaza mpaka mipando kuchepa, chifukwa ukangofika kudziko lozizira lopanda wokupatsa moni, umafuna munthu wokuuza mosakayika kuti ichi n'chabwino, ichi n'choipa. Inenso ndinakhalamo zaka zitatu. Ndinachoka atandiuza kuti ndisiye kugwira ntchito Lamulungu kuchipatala, ngati kuti odwala amapumula kudwala tsiku limenelo.

Kenako kudula kunachuluka. Uyu anaonedwa ndi ndolo, uyu anavina paukwati, uyu anafunsa funso pa phunziro la Baibulo. Ena sanadikire kudulidwa, anangosiya kubwera. Tiyamike achimwene anamutchula dzina pamaso pa onse atakwatiwa ndi mnyamata wa konkuno wosapemphera, ndipo analamula kuti pasapezeke wodya naye, ngakhale mayi ake omubala. Alamu anga anamvera. Pamene achimwene ankamwalira, mpingo unali utatsala ndi anthu khumi ndi mmodzi. Anali atanenetsa kuti tisadzawanyamule kupita kwathu, tidzawaike pafupi ndi nkhosa zawo.

Kunja kusanayere bwino tinanyamuka ulendo wa kuholo. Kunkagwa kamvula kaja kooneka ngati sikanyowetsa, koma kamakulowa mpaka m'mafupa. Kuseri kwa holo amayi anali atamanga lona n'kuyatsa mbaula za gasi, ndipo mphepo inkazima moto mobwerezabwereza. Wina ankakazinga nkhuku atavala magolovesi, wina ankatsuka mpunga m'beseni la pulasitiki, wina ankachita kutchinga moto ndi ambulera. Nditawayang'ana bwino ndinaseka ndekha. Pafupifupi onse anali anthu odulidwa.

Anthu anayamba kufika pabasi, pasitima, ena pagalimoto kuchokera kumizinda ina. Ana asukulu za ukachenjede anabwera m'magulu, amvano a mpingo umene ndimapemphera tsopano anabwera ndi mabulauzi awo oyera pansi pa majekete. Holo imene inkakhala ndi mizere iwiri yokha Lamulungu inadzaza mpaka ena kuima m'mbali mwa khoma. Sanabwere kudzaseka ayi. Ambiri mwa iwo achimwene ndi amene anakawachingamira kubwalo la ndege, kuwagoneka pasofa, kuwasonyeza kogula jekete yotchipa. Munthu yemweyo anawalandira, yemweyonso anawathamangitsa, ndipo iwo anabwera kudzaika amene anawalandira.

Tiyamike anaima kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khomo. Usiku wa siwa sanalowe m'nyumba, anakhala m'galimoto yake pamsewu. Anavala thalauza lakuda, mutu wopanda duku, timandolo tagolide m'makutu. Mwamuna wake anaima pambali pake manja atapinda kumbuyo. Alamu anali kutsogolo ndipo sanacheuke.

Mwambo usanayambe, mkulu wa mpingo wa achimwene anandiitanira pambali. Ndi bambo wamtali wa imvi, woyendetsa basi, amene sanawasiye achimwene ngakhale tsiku limodzi.

"Mayi, makadi aja mundipatse. Zingwe ndi za amuna a mumpingo."

"Amuna a mumpingo mwatsala angati, bambo?"

"Atatu. Zotsalazo agwira anyamata a kampani."

Apa ndiye mtima wanga unatentha. Anthu osadziwa n'komwe kutchula dzina la achimwene atsitse thupi lawo, mwana wawo ataima poteropo? Sindinakangane naye, tsiku la maliro si la milandu. Ndinamupatsa khadi lachiwiri, lachitatu ndi lachinayi. Anawatembenuza n'kufunsa za loyamba. Ndinamuuza kuti limenelo ndi la banja.

Ulaliki wake unali wa chipata chopapatiza. Anati kuchepa kwawo ndi umboni woti ali pachoonadi, pakuti opulumuka ndi owerengeka. Ankakweza mawu monga ankachitira achimwene, n'kumadikira kuti anthu avomere, koma ovomera anali mizere iwiri yakutsogolo yokha. Ena onse anangokhala phee mwaulemu. Zaka zapitazo ulaliki womwewo unkagwetsa anthu pansi ndi mantha. Tsiku limenelo ndinaona mayi wina akusenda switi mwakachetechete. Mkuluyo ndinamumvera chisoni, sindinama. Pamene amvano anayambitsa nyimbo, m'pamene holo yonse inadzuka, ndipo ndinalira achimwene anga koyamba, amene ankandibereka kumsana popita kuchigayo.

Tinanyamuka masana kupita kumanda, galimoto ya bokosi patsogolo, ife pambuyo, mzere wautali wa magalimoto kumbuyo kwathu. Basi ina inaima kutipatsa njira. Bambo wina wokalamba pamalo odikirira basi anavula chipewa, mvula ikumugwera pamutu. Ine ndinakhala ndi alamu kumpando wakumbuyo. Makadi anayi ndinali nditagawa kale kwa abambo ena odulidwa. Loyamba ndinalitulutsa n'kuliika m'dzanja mwawo.

"Alamu, ili ndi lanu. Mupatse amene mukufuna."

Analifumbata n'kuyang'ana pawindo. Ndinali nditaganiza zoti ndingomupatsa Tiyamike ndekha, koma ndinadziwa kuti zimenezo sizikanathetsa kanthu. Mwanayo ine azakhali ake sindinamukanepo. Amene ankafunika kumuitana ndi mayi ake. Alamu akanapereka khadi lija kwa mkulu wa mpingo, Tiyamike akanakwera galimoto yake osadzabweranso, ndipo ine ndikanakhala nditaika anthu awiri tsiku limodzi.

Kumanda udzu unali wonyowa, nsapato zinkamira. Bokosi analiika pamwamba pa dzenje, ndipo bambo wa kampani anaitana wa chingwe choyamba. Palibe anasuntha. Anaitananso. Mkulu wa mpingo anaponya phazi kutsogolo. Pamenepo alamu anachoka pambali panga. Anadutsa pakati pa anthu pang'onopang'ono, anthu akupatuka, mpaka anafika kumbuyo kumene kunali Tiyamike. Anamugwira pamkono n'kubwera naye kumutu kwa bokosi.

"Mayi," anatero mkulu uja, "abusa analamula."

Zaka zonse zimene ndawadziwa alamu sindinawamvepo akulankhula pagulu. Tsikulo tonse tinawamva.

"Bambo, mwana uyu ndinabereka ndine."

Mkuluyo anacheukira kwa anzake awiri aja. Mmodzi anazolika. Winayo ankayang'ana mwana wake wamkazi, amene anaima tsidya lina la dzenje atavalanso thalauza. Ndinkayembekeza kuti mkuluyo ataya khadi n'kuchoka, koma anaima kanthawi, n'kupukuta mvula kumaso, kenako anapita kumiyendo kukagwira chingwe chachiwiri. Odulidwa anayi aja anatenga malo awo m'mbali. Bokosi linatsika bwinobwino. Kulemera kwenikweni ankanyamula ndi anyamata a kumanda pa malamba awo, koma Tiyamike anagwira chingwe chake ndi manja onse awiri, ndipo onse atauzidwa kuti aponye zingwe m'dzenje, chake ndicho chinagwa pomalizira.

Tinabwerera kuholo kukadya. Mpunga unali utazizira ndipo palibe anadandaula. Anthu khumi ndi mmodzi aja anakhala patebulo lawolawo, koma mbale ankalandira kuchokera m'manja mwa odulidwa. Mkulu uja anadya pang'ono. Potuluka anandifunsa ngati ndikudziwa mpingo wina umene ungafune mipando, chifukwa sakuona ngati atsegulanso holoyo.

Madzulo m'nyumba munatsala atatu: ine, alamu ndi Tiyamike. Mwamuna wake anatitula n'kubwerera kwawo ku Shawlands. Mabulangeti anali ataunjikidwa pakona, makapu ali mbwee musinki, Baibulo la achimwene lili pamkono wa mpando wawo. Tiyamike anaima pakhomo la pabalaza jekete ili m'thupi, ngati mlendo wodikira kuuzidwa pokhala.

"Vula jekete," anatero alamu. "Azakhali ako atenthetsa mpunga."

Tinadya atatu. Ndinkaona alamu akumuyang'ana mwana wawo cham'mbali, kuyambira kutsitsi mpaka kumanja. Titamaliza anatambasula dzanja n'kumugwira khutu, chala chikusisita kandolo kaja.

"Unaboola liti?"

"Papita zaka zisanu ndi ziwiri, amayi."

Alamu anagwedeza mutu, dzanja likadali pakhutu pomwepo.

"Zikukukhala," anatero.