Dzenje la Anganga a Muhiwa

Lachisanu, 19 Seputembala

Ndakhala pakhonde ndikutong'ola nandolo, koma mtima uli pa zomwe aphunzitsi asayansi atiuza lero. Akuti mzinga umene pa wailesi amautchula kuti balisitiki misailo umakankhidwa ndi moto poyamba pokha. Moto ukatha mzingawo umakwerabe kutali kumwamba, kenako umagwa wokha chifukwa cha kulemera, monga mwala woponyedwa. Atatero, ndinakumbukira anganga a Muhiwa.

Anali agogo aamuna oyandikana nafe ku Limbuli, ndipo ndikawakumbukira ndimamva fungo la dothi lonyowa ndi fodya wopichira, komanso kukhosomola kwa kawailesi kawo komanga ndi mphira. Anabwera kuchokera ku Milange nthawi ya nkhondo, atatsala ndi mwana mmodzi. Ine ankandinena kuti akazi awo, ndipo ndinkabisala kumbuyo kwa amayi.

Tsiku lina wailesi inati dziko lina laponya mzinga wotero mpaka kuwoloka nyanja. Mmawa mwake tinawapeza akukumba dzenje kuseri kwa nyumba, monga ankachitira kwawo pobisalira ndege. Pamwamba anayalapo mitengo ndi masamba a nthochi. Anyamata akabaza ankaima kuwaseka, ati balisitiki ndi shoti imene amamenya pa mpira goloboyi n'kuthawa. Anganga sanakwiye. Anawafunsa mmodzimmodzi kuti chinthucho chimayenda bwanji, ndipo palibe anadziwa.

Mphezi itang'amba kuphiri masana ena, anandinyamula pamene ndinkasewera n'kulowa nane m'dzenjemo. Mtima wawo unkagunda pakhutu panga. Anandiuza kuti ndege ya nkhondo ankaidziwa, inkazungulira kufuna anthu, ndipo munthu ukagona chafufumimba inkakupitirira. Chatsopanochi ndiye chinkawasowetsa mtendere.

"Akazi anga, inu mukupita kusukulu. Mukadzaphunzira mudzandiuze. Chimaona munthu?"

Ndinagwedeza mutu kuvomera kuti ndidzawauza. Pamenepo n'kuti ndili sitandade wanu.

Lero ndinakweza dzanja m'kalasi, ine amene sindiyankhula, n'kufunsa funso lawolo momwe analifunsira. Anzanga anaseka. Aphunzitsi sanaseke. Anati ayi, mzingawo suyendayenda kufuna munthu, malo ake amasankhidwa usananyamuke, ndipo ukanyamuka subwerera. Ndinasangalala, kenako ndinaganiza za anthu amene amakhala pamalo osankhidwawo, akutong'ola nandolo ngati ine.

M'dzenje muja munamera nthochi. Anganga ali kwa mwana wawo ku Nkando, maso anachita khungu, ndipo amayi akuti masiku ano sakudya, ndege ikadutsa amafunabe kukwawira pansi pa bedi. Sindikudziwa ngati yankho langa liwatonthoze. Sindiwanamiza, koma ndiyambira pamene anafunsa.

Mawa ndikwera minibasi ya mmamawa. Ndikawaika mwala m'dzanja, ndikawagwira mkono tiuponyere limodzi, amve okha pamene ukagwere.