Mabisiketi a Mpunga pa Khonde la Kiliniki

Fungo la sipiriti losakanikirana ndi fumbi la Okutobala ndi limene ndimakumbukira ndikaganiza za kiliniki ya ku Pembamoyo. Chinali chaka cha chilala, cha chimanga chachikasu chija, ndipo ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Amayi anagonekedwa kumeneko milungu itatu. Ife tinali obwera, othawa nkhondo ku Mozambiki, opanda abale pafupi. Choncho atate akapita kukasaka ganyu, wodwazika ndinali ine, mwana wawo wamkazi mmodzi yekhayo.

Ndinkatunga madzi pa mjigo, kuchapa zitenje ndi kuingitsa ntchentche. Zikatha ndinkakhala pa khonde, simenti ikuwotcha ntchafu, nyenje zikulira mumtengo wa mango. Sindinkaganiza kanthu. Masiku ankangofanana.

Panali nesi wina wochokera ku Japani, wamfupi, woyenda mwakachetechete. Chichewa chake chinkathera pa moni ndi timawu tingapo. Tsiku lina m'mawa, ndikuchokera ku mjigo, ananditsekereza pakhomo la chipinda cha amayi n'kundilandira ndowa. Anandikhazika pa khonde, natulutsa kapepala konyezimira m'thumba.

"Idya," anatero. "Mpunga. Kwathu."

Munali mabisiketi ang'onoang'ono, ouma, ofiirira, ena okulungidwa m'kanthu kakuda ngati tsamba lopserera. Ndinkayembekezera shuga, koma ndinamva mchere ndi kafungo ka kapenta chapatali. Ankalira m'mano ngati chimanga chokazinga. Sindinganene kuti anandikomera kapena ayi. Ndinkangotafuna, nesiyo atakhala pambali panga, akundipatsa imodziimodzi, mosafulumira.

Atate anafika dzuwa lili pamutu. Analowa, anatuluka, naima patsogolo panga chipewa chili m'manja.

"Esinati, khala pompano. Ndikukapempha ngolo."

Ndinamvetsa, koma misozi sinabwere. Ndinanyambita mchere ku zala. Pa ngolo, popita kumudzi, ndinakhala pafupi ndi mapazi a amayi okutidwa ndi chitenje chimene ndinachapa dzulo lake, lilime langa likufunafuna zotsalira m'mano.

Kwa zaka zambiri ndinkadziona ngati mwana wouma mtima, amene ankatafuna zakudya pamene amayi ake anali atazizira kuseri kwa khoma. Ndinkaganizanso kuti nesi uja ankandithokoza chifukwa cha madzi amene ndinkatunga. Lero ndimaziona mosiyana. Anali ndi uthenga umene mawu ake ochepawo sakanatha kuunyamula, ndipo sanafune kuti ndilowe ndekha m'chipindamo. Mabisiketi aja ankawasinira dala, kuti asathe atate asanabwere.